Kugonera pa Yunivesite: Kuchokera ku Khondowe Kufika ku Zolozolo

Anthu akamakamba mbiri ya maphunziro a ukachenjede m'dziko muno amakonda kutchula atsogoleri amene anatsegula sukulu, aphunzitsi otchuka, ndi ophunzira amene anadzakhala nduna kapena oweruza milandu. Ndi ochepa amene amakumbukira bedi. Komatu kwa zaka zoposa 30 chiwerengero cha mabedi ndicho chinkalamula kuti ndi ana angati a Amalawi amene alowe pa yunivesite. Mwana ankatha kukhoza bwino mayeso a Fomu 4, koma ngati mabedi a m'mahositelo adzadza, ulendo wake unkathera pomwepo. Lero zinthu zinatembenuka. Ophunzira ambiri a pa Yunivesite ya Mzuzu sagona pasukulu. Amachita lendi ku Luwinga, ku Area 1B, ku Lupaso, ena mpaka ku Chiputula ndi ku Zolozolo. Kuti timvetse chimene tinapindula ndi chimene tinataya pa kusinthaku, tiyenera kubwerera kumene mwambo wogonera pasukulu unayambira.

Kuno kumpoto mwambowu unazika mizu pa phiri la Khondowe. M'chaka cha 1894 Dr Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia anatsegula sukulu ya Overtoun Institution, imene inkaphunzitsa aphunzitsi, alaliki, akalaliki ndi amisiri a ntchito zamanja. Ophunzira ankachokera kutali: ku Bandawe, ku Ekwendeni, ku Karonga, ngakhalenso kunja kwa Nyasaland. Palibe amene akanatha kuyendera kuchokera kwawo, choncho onse ankagona, kudya ndi kugwira ntchito pamalo amodzi. Atonga, Angoni, Atumbuka ndi Ankhonde, amene makolo awo ena anali atathirana nkhondo zaka zochepa m'mbuyomo, anayamba kugawana nsima ndi nyali yowerengera. Zipatso zake zinaonekera patali. David Kaunda, bambo wa Kenneth Kaunda, anaphunzira ku Livingstonia asanapite kukalalikira ku Chinsali. Clements Kadalie anachoka pamenepo n'kukayambitsa bungwe lalikulu la apantchito ku Cape Town m'chaka cha 1919. Levi Mumba anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress m'chaka cha 1944. Ubwino woyamba wa kugonera pasukulu unaoneka kalelo: anthu osadziwana akakhala pamodzi nthawi yaitali amayamba kudziona ngati mtundu umodzi.

Sukulu zasekondale zoyamba zinatsata njira yomweyo. Blantyre Secondary School ya 1940, Zomba Catholic ya 1942 ndi Dedza ya 1951 zinali zogonera komweko, pakuti sukulu zinali zowerengeka ndipo ana ankachokera m'maboma onse. Wofuna maphunziro oposa pamenepo ankatuluka m'dziko. Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere anapita ku Fort Hare ku South Africa, pamene Kanyama Chiume ndi David Rubadiri anapita ku Makerere ku Uganda. Konseko moyo wa wophunzira unkazungulira pa nyumba yogona. Ku Fort Hare nyumbazi zinali za mipingo: Beda Hall ya Anglican, Wesley House ya Methodist ndi Iona House ya Presbyterian. Nelson Mandela anachoka pasukuluyi m'chaka cha 1940 chifukwa cha mkangano wa chisankho cha bungwe la ophunzira, umene gwero lake linali madandaulo a chakudya. Nkhani ya mbale ya wophunzira siinayambe dzulo kugwedeza sukulu.

Maganizo akuti yunivesite yeniyeni ndi yogonera komweko analimbikitsidwa ndi boma la Britain. Komiti ya Asquith, imene inatulutsa lipoti lake m'chaka cha 1945, inalangiza kuti makoleji a m'maiko olamulidwa ndi Angerezi akhale ogonera, potengera chitsanzo cha Oxford ndi Cambridge. Cholinga chinali kuumba kagulu kochepa ka anthu ophunzira kwambiri amene adzayendetse boma. Koma nyumba yogona ikhoza kugwirizanitsa anthu, ikhozanso kuwapatula. Pamene koleji ya University College of Rhodesia and Nyasaland inalandira ophunzira ake oyamba ku Salisbury m'chaka cha 1957, akuda ndi azungu ankaphunzira m'kalasi imodzi koma poyamba ankagona m'nyumba zosiyana. Tsankho limene linalephera kulowa m'kalasi linapeza malo kuchipinda.

Dziko lino litalandira ufulu, Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo maphunziro anayamba mu Sepitembala 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90. Pambuyo pake panabwera makoleji ena monga Polytechnic ndi Bunda, ndipo m'chaka cha 1973 Chancellor College inasamukira ku Chirunga ku Zomba. Kamuzu College of Nursing inatsegulidwa mu 1979, College of Medicine mu 1991. Onsewa anamangidwa pa maziko a maganizo a Asquith aja: wosankhidwa aliyense apeze bedi lake, ndipo boma lilipire pafupifupi zonse.

Tisabise, kwa amene anali ndi mwayi wolowa, moyo umenewu unali wabwino. Mwana wa mlimi wa ku Chitipa, amene kwawo ankawerengera koloboyi, ankapeza chipinda cha magetsi, madzi a m'mpope ndi chakudya katatu patsiku ku kafeteriya. Sankaganiza za nkhuni, za lendi kapena za ndalama yokwerera basi. Laibulale inali pamtunda wa mphindi zochepa, ndipo ankatha kuwerenga mpaka usiku n'kubwerera kuchipinda mosaopa achifwamba. Koposa zonse, mwana wa nduna ndi mwana wa mlonda ankaima pamzere umodzi, mbale m'manja. Umphawi wa kumudzi unkatsala pachipata.

Panalinso phindu lina limene silinkalembedwa pa satifiketi. Maphunziro ambiri ankachitika kalasi itatha, m'zipinda ndi m'makonde, pamene wa zamalamulo ankatsutsana ndi wa zachuma mpaka tambala woyamba. Ife okonda zolembalemba tili ndi umboni wathu. Gulu la alembi la pa Chancellor College, limene linayamba m'chaka cha 1970, linkakumana madzulo kuwerengerana ndi kudzudzulana ntchito zawo, ndipo m'gululi munadutsa Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo ndi Anthony Nazombe. Msonkhano wotere umatheka mosavuta pamene anthu sakuthamangira kukafika kunyumba kusanade. Chimodzimodzi mu Malichi 1992, maepiskopi a Chikatolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ophunzira a pa Chirunga anayenda m'misewu ya Zomba kusonyeza kuti ali kumbali ya maepiskopiwo, ndipo kolejiyo inatsekedwa. Uthenga unayenda msanga chifukwa anthu mazanamazana ankagona khomo loyandikana. Mutu umodzi susenza denga. Koma mitu ikakhala pansi pa denga limodzi imamvana msanga.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyandikana komwe kunkathandiza ophunzira kumvana kunkathandizanso boma kuwamvetsera. M'nthawi ya Dr Kamuzu Banda aliyense ankadziwa kuti pakati pa ophunzira pali akazitape, ndipo munthu ankayamba wayeza mnzake wa m'chipinda asanatsegule pakamwa. M'chaka cha 1983 ophunzira ena a pa Chancellor College, mmodzi mwa iwo Edge Kanyongolo, anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mphunzitsi wawo Jack Mapanje anamangidwa mu Sepitembala 1987 ndipo anatuluka mu Meyi 1991. Ndiponso popeza bedi ndi chakudya zinali za sukulu, kutseka sukulu kunali chikwapu chopweteka: maola ochepa okha, wophunzira ankapezeka pa depoti ndi sutikesi, wopanda kogona. Ngakhale m'nthawi ya zipani zambiri mpanda wa sukulu sunakhale chitetezo chokwanira. Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic, anapezeka atafa pasukulu pomwepo pa 24 Sepitembala 2011, ndipo komiti yofufuza inanena m'chaka chotsatira kuti anachita kuphedwa.

Panalinso zoipa za tsiku ndi tsiku: kuzunza obwera kumene, phokoso la oledzera usiku wa Loweruka, kubelana zovala pachingwe, ndi kukakamizana makhalidwe. Mwana amene analeredwa moopa Mulungu ankatha kusanduka chidakwa m'chaka chimodzi chifukwa chofuna kufanana ndi anzake. Ena amanenanso kuti moyo wophikiridwa ndi wokonzeredwa unkatalikitsa ophunzira ndi anthu wamba, mwakuti potuluka ankadziona ngati mtundu wapadera woyenera kutumikiridwa.

Koma choipa chachikulu chinali chimene tayamba nacho chija. Bedi ndi lodula kumanga, ndipo boma silinkamanga mahositelo mofanana ndi kuchuluka kwa ana okhoza mayeso. Malo akachepa anthu amayamba kuwerengana kochokera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma linayamba kusankha ophunzira potengera boma limene munthu akuchokera, ndondomeko yotchuka ndi dzina loti kota, ndipo anthu a kumpoto anaiona ngati yolimbana ndi ana awo. M'chaka cha 1993 bwalo lalikulu la milandu linagamula motsutsa ndondomekoyi, ophunzira anayi atasuma chifukwa anatengedwa ngati oyendera, osapatsidwa malo ogona. Kota inabwereranso m'chaka cha 2009 mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo inathetsedwa mu 2020. Mkangano umene wagawa dziko kwa zaka zambiri chonchi unali, pansi pake, mkangano wa kuchepa kwa malo, ndipo malo ankawerengedwa ndi mabedi. Atsikana ndiwo anapwetekeka kawiri, pakuti mahositelo awo anali ochepa kuposa a anyamata, choncho chiwerengero chawo chinkatsekedwa ndi makoma asanalembe n'komwe mayeso.

Chimene chinagumula dongosolo lakaleli ndi kuchuluka kwa ana. M'chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Mtsinje umenewu unayenera kudzafika pa chipata cha yunivesite. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Yunivesite ya Mzuzu m'chaka cha 1997, ndipo ophunzira oyamba analowa mu Januwale 1999, mkulu wake woyamba ali Professor Terence Davis. Yunivesiteyi siinamangidwe pa malo atsopano. Inalowa m'nyumba za koleji yakale ya aphunzitsi ku Luwinga, ndipo mahositelo amene inapeza anamangidwira chiwerengero cha koleji, osati cha yunivesite. Ophunzira atachuluka kufika zikwi zingapo, nyumbazo zinakhala ngati malaya a mwana ovekedwa munthu wamkulu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mayunivesite a boma anayamba kulandira ophunzira odzilipirira, amene sukulu siinkawalonjeza bedi kapena chakudya. Pang'ono ndi pang'ono kusankhidwa kunalekana ndi bedi. Makafeteriya a sukulu anasiya kudyetsa ophunzira mwaulere, ndipo m'chaka cha 2015 kunakhazikitsidwa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede. Mayunivesite anachulukanso: Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa mu 2003, Bunda inasanduka LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inakhala MUBAS pamene makoleji a zaumoyo anaphatikizana kukhala KUHeS. Zitseko zinatseguka, ndipo ana ambiri amene kale akanatsala pakhomo analowa. Limeneli ndi phindu lalikulu, ndipo wolira moyo wakale asaliiwale. Koma walira mvula walira matope. Katundu amene boma linatula anakagwera pa makolo ndi pa madera ozungulira sukulu: Chikanda ku Zomba, Chitawira ndi Ndirande ku Blantyre, midzi yozungulira Bunda, ndi malokeshoni a Mzuzu.

Mzuzu ndi mzinda wamng'ono pa zaka. Unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung cha m'ma 1947, unakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu oposa 220,000. Madera ngati Zolozolo anakula chifukwa cha anthu obwera kudzafuna ntchito ndi malonda, ndipo mbali zina nyumba zinatsogola, misewu ndi ngalande n'kumatsatira m'mbuyo. Dziko lonse limadziwa dzina la Zolozolo makamaka chifukwa cha manda ake, kumene anaikidwa ena mwa anthu ophedwa pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011. Koma derali lilinso ndi mbiri ina yosamveka, ya timanyumba ta kuseri ta chipinda chimodzi m'mene mukugona aphunzitsi, anamwino ndi akatswiri a zankhalango a mawa.

Wophunzira wa kulokeshoni amalipira lendi mwezi ndi mwezi, kaya sukulu ikuyenda kaya ayi, pakuti akasiya chipinda china alowamo. Amagula makala, amatunga madzi, amaphika yekha usipa kapena nyama ya soya pa mbaula. Nthawi imene mnzake wa kuhositelo akuwerenga, iye ali pamsika kapena panjira. Mvula ya ku Mzuzu ndi yodziwika, ndipo imagwa nthawi yaitali. Njira za fumbi zimasanduka matope, ndipo wopanda ndalama ya njinga ya Sacramento kapena njinga yamoto amafika m'kalasi atanyowa. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kuzizira kumalowa m'chipinda chopanda siling'i. Dzuwa likalowa amayamba kuganiza zobwerera, chifukwa kuyenda usiku ndi laputopu m'chikwama n'kuitana akuba. Kwa mtsikana vuto limakula: kuwonjezera pa mantha a panjira, pamakhala amuna a ndalama amene amadziwa bwino tsiku limene lendi ikutha. Laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu itapsa pa 18 Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kutheratu, onse anavutika. Koma ogona kutali, amene laibulale inali malo awo okha abata ndi a magetsi odalirika, anataya zoposa mabuku.

Sikuti kulokeshoni kulibe zabwino. Wophunzira wochita lendi amaphunzira kusunga ndalama, kukambirana ndi mwini nyumba ndi kukhala ndi anthu a misinkhu yonse. Mnyamata wa ku Nsanje amene wakhala zaka zinayi pakhomo pa mayi wa ku Zolozolo amachoka akudziwa kupereka moni m'Chitumbuka, akuitana eni nyumba kuti amama ndi adada, atakhalapo pa maliro ndi pa maukwati a m'deralo. Amadziwa mtengo wa ndowa ya madzi ndi fungo la ngalande yotsekeka, zinthu zimene mkulu wa boma wa mawa ayenera kuzidziwa ndi mphuno yake. Wapabanja amatha kukhala ndi mkazi ndi ana, wofuna bata amatha kusankha mnzake wokhala naye. Nawo eni nyumba amapindula: amayi amasiye ambiri amaphunzitsa ana awo ndi lendi ya ophunzira, ndipo ogulitsa tomato, mandasi ndi makala amadziwa kuti sukulu yatsegulira osamva pa wailesi. Mbali ina ya ndalama yomweyo ndi yakuti lendi ikakwera chifukwa cha ophunzira, mlonda ndi wogwira maganyu amakankhidwira kunja kwa mzinda.

Nayo hositelo ya lero si ija ya m'ma 1970. Mabedi akachepa, wopeza malo amasunga mnzake mobisa, ndipo chipinda cha anthu awiri chimagona anayi kapena kuposa. Zimbudzi ndi mabafa zimalephera kupirira, mipope imauma, ndipo kuphika m'zipinda kumalemetsa nthambo za magetsi. Kuthithikana kotere n'koopsa pakagwa mliri. Mu Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatikumbutsa kuti pamene anthu ambiri akugawana chimbudzi chimodzi matenda sachedwa kufala. Komabe chaka chilichonse ophunzira amalimbirana malo a kuhositelo, chifukwa ngakhale ndi mavuto onsewa ndi otsika mtengo, ali pafupi ndi kalasi, ndipo ali m'kati mwa mpanda.

Kodi tsono mbiri imeneyi ikutiphunzitsa chiyani? Choyamba, sitingabwerere ku dongosolo loti wopanda bedi asaphunzire, chifukwa linatsekera kunja ana ambiri anzeru ndipo linadanitsa zigawo. Chachiwiri, sitinganamizire kuti kogona wophunzira si nkhani ya sukulu. Kale hositelo inkabisa kusiyana kwa olemera ndi osauka. Lero kusiyanako kwabwerera, ndipo kumaonekera pa mtunda umene munthu amayenda m'mawa. Mwana wa wolemera amapeza chipinda cha matailosi pafupi ndi chipata, wa wosauka amapita kutali kumene lendi ndi yotsika, ndipo onse amalemba mayeso amodzi.

Pakati pa njira ziwirizi pali zimene zingachitike popanda kudikira chuma chambiri. Mabedi ochepa amene alipo apite poyamba kwa a chaka choyamba amene sadziwa mzinda, kwa atsikana, kwa olumala ndi kwa osowa kwenikweni, ndipo kagawidwe kake kakhale poyera kuti pasakhale zogulitsana malo. Mayunivesite ndi khonsolo ya mzinda azikhala ndi kaundula wa nyumba zochititsa lendi ophunzira, n'kumaona ngati zili ndi chimbudzi, madzi ndi chitseko cholimba. Magetsi a m'misewu yochokera ku Luwinga kulowa m'malokeshoni ndi mbali ya maphunziro monga momwe alili mabuku. Ndalama ya ngongole yothandizira pa chakudya ndi pogona izifika sukulu ikamatsegulira, pakuti mwini nyumba sadya malonjezo. Ndipo pomanga mahositelo atsopano, kaya ndi boma kaya ndi amalonda, mtengo wake ukhale woti mwana wa mlimi angaufikire.

Pomaliza, pali chinthu chimodzi cha pa Khondowe ndi pa Chirunga chimene tiyenera kuchisunga ngakhale ophunzira amwazikane m'malokeshoni: mpata woti achinyamata a zigawo zonse azikhala pansi pamodzi kalasi itatha, kutsutsana, kuwerengerana ndi kudziwana. Ngati mpatawo sungapezeke m'chipinda chogona, upezeke m'mabwalo a zokambirana, m'magulu a alembi ndi m'malaibulale otsegula mpaka usiku okhala ndi galimoto yotula ophunzira kwawo. Dziko limene ophunzira ake amangokumana pa mayeso limadzakhala ndi atsogoleri odziwa mabuku koma osadziwana.